Bessie Coleman, Mwana wa m'Munda wa Thonje Amene Adakatenga Chiphaso cha Ndege Kutsidya kwa Nyanja

Ife amene timakhala ndi kugwira ntchito kuno ku Area 4, mu Lilongwe wakale, tidazolowera kulira kwa ndege kotero kuti ambiri sititukulanso mutu ikamadutsa. Ana okha ndiwo sadatope nayo. Ikangomveka amasiya phada ndi mpira wachikulunga nathamangira poyera, kukaiyang'ana mpaka italowa m'mitambo. Achikulire akukumbukira masiku amene ndege zinkatera pafupi pompa, pa bwalo lakale la kumsewu wa ku Mchinji, kumene lero timangoti ku Airwing, bwalo lalikulu la Kamuzu lisadatsegulidwe ku Lumbadzi m'chaka cha 1983. Tsono mwa ana aja alipo ena amene chidwi chawo sichitha ndi ubwana. Akalemba mayeso a Folomu 4 amayamba kufunsa khomo lolowera ntchito za ndege, ndipo kulikonse kumene afunsa amayankhidwa chimodzimodzi, kuti ntchito zimenezi salowera chidwi chokha ayi, zimafuna chiphaso.

M'ndime ya lero tikambirana za moyo wa mayi wina wa ku America amene adafuna chiphaso chimenechi pa nthawi imene m'dziko lonse la kwawo mudalibe sukulu yofuna kumlandira. Dzina lake ndi Bessie Coleman. Adakhala ndi moyo zaka 34 zokha, ndipo zaka zake za mumlengalenga sizidakwane zisanu ndi chimodzi.

Bessie adabadwa pa 26 Januwale 1892 m'tauni yaing'ono ya Atlanta, m'chigawo cha Texas. Adali wachikhumi m'banja la ana 13. Mayi ake, a Susan Coleman, adali munthu wakuda, pamene bambo ake, a George Coleman, adalinso ndi magazi a eni nthaka a dzikolo, aja Azungu adawapeza pofika. Bessie ali ndi zaka ziwiri banja lidasamukira ku Waxahachie, dera lolima thonje. Owerenga athu a ku Chikwawa, Balaka ndi Salima sasowa kuuzidwa kuti kutola thonje nchiyani: msana umauma, zala zimalasika, ndipo malipiro amatsata kulemera kwa thumba. Chaka ndi chaka nyengo yotola ikafika, maphunziro a mwanayu ankayamba aima. Sukulu yake idali ya ana akuda okhaokha, ya chipinda chimodzi, pa mtunda wa mamailosi anayi, ndipo iye ankapita wapansi. Adakonda kuwerenga mabuku, koma chimene adaposa nacho anzake chidali masamu.

M'chaka cha 1901 bambo aja, atatopa ndi tsankho la ku Texas, adapita ku Oklahoma nasiya banja m'manja mwa mayi. Mayiwo adalowa ntchito ya m'nyumba kwa Azungu, ndipo kulera ana aang'ono kudagwera Bessie. Choncho pamene abale awiri a banja la Wright adaulutsa ndege yoyamba ya injini pa 17 Disembala 1903, iye adali msungwana wa zaka 11 wotanganidwa ndi ang'ono ake. Atakwana zaka 18 adatenga tindalama tonse timene adasunga nakalembetsa ku koleji ya anthu akuda ku Langston, m'chigawo cha Oklahoma. Adaphunzira chigawo chimodzi chokha, ndalama nkutha. Adabwerera kwawo nayamba kuchapira anthu zovala. Nkhani yotere si yachilendo kwa ife. Mabanja ambiri kuno kwathu ali naye mwana wanzeru amene fizi idambweza pakhomo.

Mu 1915, ali ndi zaka 23, adatsata alongo ake ku mzinda waukulu wa Chicago, monga momwe anthu akuda zikwizikwi ankachitira pothawa minda ya kummwera. Kumeneko adaphunzira kukonza zikhadabo, napeza ntchito pa malo ometera amuna otchedwa White Sox Barber Shop. Malo ometera, kaya ndi ku Chicago kaya pa msika wathu wa Lilongwe, ndi bwalo la nkhani. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha mu 1918, asilikali obwera ku France ankasimba pamenepo za ndege zimene adaziona zikumenyana m'mwamba, Bessie ali chete akupala zikhadabo, makutu ali tcheru. Mlongo wake John, amene naye adapita ku nkhondoko, ankamseka pomuuza kuti akazi a ku France adaposa akazi akuda a ku Chicago, popeza ena mwa iwo ankayendetsa ndege. Mawu achipongwewo sadamkwiyitse. Adamsonyeza chimene ankafuna kuchita ndi moyo wake, ndiponso adamtchulira dziko kumene chinthucho chidali chotheka.

Adayamba wagogoda kwawo komweko, koma sukulu zophunzitsa ndege zidamkana. Milandu yake idali iwiri, ndipo yonse adabadwa nayo: adali mkazi, adalinso wakuda. Mkazi wachizungu ankatha kupeza mphunzitsi movutikira, monga Harriet Quimby amene adalandira chiphaso mu 1911, koma munthu wakuda ayi. Ku France zidali zosiyanako. Mkazi woyamba pa dziko lonse kulandira chiphaso cha ndege, Raymonde de Laroche, adachilandira kumeneko mu 1910, ndipo Eugene Bullard, mwamuna wakuda wa ku America, adayendetsa ndege za nkhondo za dziko la France mu 1917.

Amene adamlimbitsa mtima adali Bambo Robert Abbott, mwini wa nyuzipepala ya anthu akuda ya Chicago Defender. Iwo adamlangiza kuti aleke kutaya nthawi ndi makomo otseka, aoloke nyanja. Apa mpamene khalidwe la mayiyu likuonekera bwino, kuposa m'zionetsero zonse zimene adadzachita pambuyo pake. Anthu akamasimba za iye amathamangira kutama kulimba mtima kwake, koma choyamba chimene adachita sichidali cha kulimba mtima. Adakhala pansi naphunzira Chifalansa pa sukulu ya zilankhulo ya Berlitz, pozindikira kuti munthu sangaphunzire ndege kwa mphunzitsi amene sakumumva. Adapezanso ntchito ina yoyang'anira kanyumba kodyeramo kuti ndalama zichuluke. Pa zimene adasunga, Bambo Abbott ndi Bambo Jesse Binga, mwini banki wakuda wa mumzindawo, adaonjezapo zawo. Pa 20 Novembala 1920 Bessie adakwera sitima yapamadzi ku New York, ulendo wa ku France. Adali ndi zaka 28.

Adalandiridwa ku Le Crotoy, m'mphepete mwa nyanja kumpoto kwa France, pa sukulu yodziwika ndi dzina la abale a banja la Caudron. Ndege imene adaphunzirira idali ya mtundu wa Nieuport, ndipo owerenga asaiyerekeze ndi zimene zimatera ku Lumbadzi. Idali ya mitengo yokutidwa ndi nsalu, ya mapiko awiri ogundana mawaya, lina pamwamba lina pansi. Idalibe denga, idalibenso mabuleki. Woyendetsa ankagwira ndodo yoimirira pakati pa miyendo yake, mapazi ataponda mtanda wokhotetsera chipsepse cha kumchira. Injini inkasokosa kwambiri kotero kuti mawu a mphunzitsi ankapita ndi mphepo, ndipo wophunzira ankadalira maso ndi manja ake, kutsata momwe ndodo ikuyendera. Tsiku lina Bessie adaona ndi maso ake wophunzira mnzake akugwa ndi ndege nafera pomwepo. Chidamgwedeza kwambiri chinthu chimenechi, komabe sadaleke. Adaphunzira kunyamuka, kukhota, kutera, ndiponso kuwongola ndege ikayamba kuzungulira ikulunjika pansi. Patatha miyezi isanu ndi iwiri, pa 15 Juni 1921, bungwe la Fédération Aéronautique Internationale lidampatsa chiphaso chodziwika m'maiko onse. Adali mkazi wakuda woyamba kuchilandira. Amelia Earhart, amene dzina lake lidamveka kwambiri kuposa la Bessie, adalandira chiphaso cha bungwe lomweli patapita zaka ziwiri, mu 1923.

Tiyeni tiime pang'ono pa chiphasochi, pakuti ndicho chimene achinyamata athu amafunsa. Chodabwitsa nchakuti m'masiku amenewo boma lalikulu la America lidali lisadayambe nkomwe kupereka ziphaso kwa oyendetsa ndege wamba. Munthu wandalama ankatha kugula ndege lero nauluka nayo mawa. Ndiye kuti si lamulo limene lidamtumiza Bessie ku France. Adapitako chifukwa kunali mphunzitsi, ndipo pepalalo adalisamala chifukwa ankadziwa kuti mkazi wakuda sadzakhulupiriridwa ndi pakamwa pokha.

Lero mpata wotere kulibe. Pa 7 Disembala 1944 maiko 52 adasainirana pangano la kayendedwe ka ndege, ndipo adalisainira mu Chicago momwemo, mzinda umene Bessie ankapaliramo zikhadabo. M'panganoli mudatuluka bungwe la ICAO, limene Malawi ndi membala wake, ndipo malamulo a bungweli ndiwo maziko a ziphaso m'maiko onse. Wofuna kuyendetsa ndege mwa yekha, osati mwa ntchito, ayenera kukhala wa zaka 17 ndipo akhale atauluka maola 40. Koma chiphaso chimenechi sichidyetsa munthu. Cholembedwa nacho ntchito chimafuna zaka 18 ndi maola 200, kapena 150 ngati munthu watsata maphunziro onse pa sukulu yovomerezeka. Kuti adzakhale mkulu wa ndege yaikulu yonyamula anthu, ayenera kukwana zaka 21 ndi maola 1,500. Pamwamba pa maolawo pali mayeso olemba a malamulo a mumlengalenga, a zanyengo, a kupeza njira, a kapangidwe ka ndege ndi kawerengedwe ka katundu ndi mafuta. Palinso dokotala woyeza maso, makutu ndi mtima, ndipo kwa iyeyu munthu amabwererako chaka ndi chaka kufikira atapuma ntchito. Chilankhulo cha pa wailesi ya ndege zoyenda m'maiko ndi Chingerezi, ndipo nacho chili ndi mayeso ake. Nchifukwa chake mwana wa sekondale amene akunyozera Masamu, Fizikisi ndi Chingerezi akudzitsekera yekha khomo limene Bessie adachita kutsekeredwa ndi ena.

Cholemetsa chachikulu ndi maola aja, chifukwa ola lililonse la mumlengalenga limagulidwa, ndipo mtengo wake si wa masewera. Oyendetsa ndege ambiri a Chimalawi adachita kukaphunzira kunja, monga ku South Africa ndi ku Ethiopia, ena pa thumba la makolo, ena pa thandizo la boma kapena la kampani. M'menemu ulendo wa Bessie sudakalambe ayi.

Tibwerere kwa iye. Adafika ku New York mu Sepitembala 1921, atolankhani namlandira ngati mfumu, koma ntchito panalibe. Makampani onyamula anthu pa ndege adali asadakhazikike, ndipo ochepa amene ankanyamula makalata sakadalemba mkazi wakuda. Njira yokha yodyera ndege idali ya zionetsero, kuyenda m'matauni ndi kuchita zoopsa m'mwamba anthu atalipira pa chipata. Bessie adaona kuti luso lake silidafike pamenepo, ndipo popeza kwawo adasowanso womphunzitsa, mu Febuluwale 1922 adaolokanso nyanja. Adaonjezera maphunziro ku France, nakaonana ndi Anthony Fokker, mmisiri wotchuka wopanga ndege, ku Netherlands, napitirira ku Germany kumene adaphunzira kwa akatswiri ena. Chiphaso adali nacho kale m'thumba, koma adabwerera m'kalasi.

Chionetsero chake choyamba chidachitika pa 3 Sepitembala 1922 pa bwalo la Curtiss Field, pafupi ndi New York, pa mwambo wolemekeza asilikali akuda amene adamenya nkhondo ku France. Patapita masabata asanu ndi limodzi adaonetsa luso lake kwawo ku Chicago, ndipo anthu adayamba kumutcha Mfumukazi Bess. Ndege ankachita kubwereka. Atapeza yakeyake, idali Curtiss JN-4, imene anthu ankaitcha Jenny, imodzi mwa ndege zotsala ku nkhondo zimene asilikali ankagulitsa motsika mtengo. Mu Febuluwale 1923, ku Santa Monica m'chigawo cha California, injini ya ndegeyo idazima atangonyamuka. Adagwa nathyoka mwendo ndi nthiti zitatu, ndegeyo nkuphwanyikiratu. Adagona m'chipatala miyezi ingapo, ndipo padapita pafupifupi zaka ziwiri asadayambirenso zionetsero mwakathithi.

Ngakhale adali wosowa ndalama chotero, zidalipo ndalama zimene ankazikana. Atapemphedwa kusewera m'kanema wotchedwa Shadow and Sunshine adavomera, koma atamva kuti adzayamba kuonekera atavala nsanza, ndodo kumanja, kamtolo kumsana, adachoka osabwereranso. Atapita kukaonetsa ndege kwawo ku Waxahachie mu 1925, adapeza kuti akonza zipata ziwiri, cha Azungu ndi cha anthu akuda. Iye adakanitsitsa kuuluka kufikira adagwirizana kuti onse alowere chipata chimodzi. M'kati adakhalabe mosiyana, pakuti mphamvu zake zidalekera pomwepo, koma m'Texas wa masiku amenewo chipata chimodzicho sichidali chinthu chaching'ono. Pakati pa zionetsero ankayenda m'matchalitchi, m'masukulu ndi m'nyumba za kanema za anthu akuda, kuonetsa zithunzi za maulendo ake ndi kukopa achinyamata kuti aphunzire ndege. Cholinga chake chenicheni chidali kutsegula sukulu, kuti wina asadzaolokenso nyanja pofuna mphunzitsi. Ku Orlando, m'chigawo cha Florida, adafika potsegula malo okonzera akazi tsitsi kuti apeze ndalama zogulira ndege ina.

Ndegeyo adaipeza ku Dallas. Idali Jenny inanso, yakale ndi yosasamalidwa bwino. Mnyamata wachizungu wa zaka 24, William Wills, amene adali makaniko wake, ndiye adaiulutsa kupita nayo ku Jacksonville kumene kudakonzedwa chionetsero, ndipo pa njira adatera mokakamizika katatu chifukwa cha kuvuta kwa injini. Abwenzi ake a Bessie adamchenjeza kuti asakwere ndege yotere, koma iye adalibe ina.

M'mawa wa pa 30 Epulo 1926 awiriwa adanyamuka kukayendera bwalo. Wills ndiye ankayendetsa, Bessie atakhala mpando wakumbuyo. Mawa lake ankayembekeza kudumpha ndi parachuti, chinsalu chija chotambasuka ngati ambulera, ndipo ankafuna kuona bwino malo odzaterapo. Popeza adali wamfupi, sakadatha kusuzumira pansi atamanga lamba, choncho sadamange. Patatha mphindi khumi, ali pa mapazi 3,000, ndege idaloza mphuno pansi mwadzidzidzi, niyamba kuzungulira, kenaka nkugadabuka. Bessie adaponyedwa kunja ali pa mapazi pafupifupi 2,000 ndipo adafera pomwe adagwerapo. Wills adalimbana nayo ndegeyo osaitha, nafa nayo pamodzi itagunda pansi. Zotsala zake zidapsa ndi moto, koma ofufuza adapezamo chimene chidachititsa ngoziyo: sipanala yogwiritsa ntchito pokonza injini idatsalira m'ndege, ndipo idasereraka nikakakamira m'zitsulo zowongolera.

Sipanala imeneyi iyenera kuganiziridwa ndi aliyense wofuna ntchito za ndege. Achinyamata athu ambiri maso awo ali pa mpando wakutsogolo ndi yunifolomu ya mizere pa phewa, ndipo ukawatchulira umakaniko amaona ngati wawatsitsa. Koma mayi amene adaphunzira kwa akatswiri a maiko atatu adaphedwa ndi kachitsulo kokwana m'thumba la ovolosi. Si bwino kusenzetsa mlandu wonse mnyamata amene adafa naye limodzi. Umphawi ndiwo udagula ndege yotha ntchito, ndipo padalibe lamulo loletsa ndege yotero kunyamuka, ngakhale munthu woiyendera. Patangopita masiku 20 chimwalirire Bessie, pa 20 Meyi 1926, dziko la America lidakhazikitsa lamulo lake loyamba lofuna kuti ndege ziziyesedwa ndi kuti oziyendetsa azikhala ndi ziphaso, ndipo posakhalitsa amakaniko nawo adayamba kulandira zawo. Lamulolo lidali m'njira kale, silidabwere chifukwa cha iye, koma lidamchedwera.

Masiku ano wokonza ndege ali ndi chiphaso chakechake, ndipo kuchipeza kumatenga nthawi yaitali kuposa chiphaso choyamba cha woyendetsa. Malamulo a ICAO amafuna munthu wa zaka zosachepera 18 amene wagwira ntchitoyo zaka zinayi, kapena zocheperapo ngati adadzera sukulu yovomerezeka, ndipo akakhoza mayeso amaloledwa kusainira mitundu yokhayo ya ndege imene adaiphunzira. Ndege ikakonzedwa siinyamuka iye asadasaine, ngakhale woyendetsa akhale wamkulu chotani. M'nyumba zokonzera ndege chida chilichonse chili ndi malo ake ojambulidwa, ndipo ntchito ikatha zida zimawerengedwa. Chikasowa chimodzi, ndege imadikira kufikira chitapezeka. Ntchito yokhudza zowongolera imayenderedwanso ndi munthu wachiwiri amene sadaigwire nawo. Pambali pa amakaniko pali aja okhala pa nsanja ya bwalo, olamula ndege kuti iyi itere, iyo iyambe yadikira, amene chiphaso chawo chimafuna zaka 21 ndi chikalata cha dokotala. Palinso azanyengo, ozimitsa moto, ndi osamalira anthu m'ndege, amene ambiri timawayesa operekera tiyi chabe pamene maphunziro awo enieni ndi a kupulumutsa anthu pa ngozi. Pa tsiku lija ku Jacksonville ntchito zonsezi zidali pa mapewa a anthu awiri.

Mwambo wa maliro udachitika ku Jacksonville ndi ku Orlando, kenaka thupi lidapita pa sitima ya pamtunda ku Chicago, kumene anthu pafupifupi 10,000 adabwera kudzamlira, motsogozedwa ndi Mayi Ida B. Wells, womenyera ufulu wa anthu akuda. Adaikidwa m'manda a Lincoln. Sukulu imene ankailota sadaione, koma mu 1929 William Powell adatsegula ku Los Angeles bungwe ndi sukulu ya ndege m'dzina lake. Mphunzitsi wamkulu wa pamenepo, James Banning, pamodzi ndi makaniko wake Thomas Allen, mu 1932 adakhala anthu akuda oyamba kuuluka kuchokera ku nyanja ya kumadzulo kwa America kufikira ya kummawa. Kuyambira mu 1931 oyendetsa ndege akuda a ku Chicago adayamba mwambo wouluka pamwamba pa manda ake ndi kuponyapo maluwa. Mu 1992 Dr. Mae Jemison, mkazi wakuda woyamba kupita kuthambo la kunja kwa dziko, adatenga chithunzi cha Bessie pa ulendowo, ndipo mu 1995 boma la America lidaika nkhope yake pa sitampa.

Kuno kwathu, mu Malichi 2017, ndege ya kampani ya Malawian Airlines idanyamuka ku Chileka nidzera ku Lumbadzi pa ulendo wa ku Dar es Salaam, oyendetsa ndi osamalira anthu onse ali amayi. Pa mpando wa mkulu wa ndege padali Mayi Yolanda Kaunda, mayi woyamba wa Chimalawi kufika pa udindowo, ndipo wachiwiri wawo adali Mayi Lusekelo Mwenifumbo.